ZA KUBECHA PA MPIRA NDI JUGA YA MAKADI

Akuru anati, safunsa anadya phula. Masiku ano m'midzi mwathu mwalowa mau acilendo amene anyamata awachula madzulo pa bwalo, mitu ili cowerama pa lamya zao, ndipo ife akuru tingomva osazindikira kanthu. Wina ati, Lero odds yakwera. Mnzace ati, Timu imodzi yokha yandiphera tikiti. Mbale wina wa mu mpingo anatisimbira kuti anatuma mwana wace ku boma ndi ndalama za matumba awiri a fetereza. Mwanayo anabwera madzulo ndi thumba limodzi, ndi kapepala m'thumba la malaya. Atate wace anakalipa, koma mwanayo anati, Atate, inu simudziwa masamu ace a cinthu ici, mukadawadziwa simukadandidzudzula.

Mau a mnyamatayo tawalingalira masiku ambiri, ndipo taona kuti muli coonadi pang'ono. Nkobvuta kuweruza mlandu umene sitinaumve. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kuwerenga masamuwo pamodzi ndi inu, bwino bwino, monga ana a sukulu. Ndipo titatha tidzafunsa funso lathu lalikuru, lakuti: Kodi munthu wodziwa masamu a juga ayenera kuicita?

ODDS NDIWO MTENGO

Mau akuti odds ndi a Cingerezi, ndipo atanthauza mtengo umene mwini juga alonjeza kukulipirani mukalosa zoona. Ndalama imene muika aicha stake. Kuno kwathu mtengowo aulemba cotere: 2.00, kapena 1.25, kapena 4.00. Mukacurukitsa ndalama yanu ndi nambalayo, mupeza zonse zimene adzakupatsani, kuphatikizapo yanu ija. Woika K1,000 pa 4.00 akadya alandira K4,000. Mwa izo K1,000 ndi yace yomwe, ndipo phindu ndilo K3,000. Ku Britain mtengo womwewo aulemba 3/1, ndiko kuti, zitatu pa imodzi. Ku America aulemba +300. Ndipo akalemba -150 ndiko kuti muike 150 kuti mupindule 100. Malembedwe ndi atatu, koma cinthu ndi cimodzi.

Tsono m'nambalamo mubisala ganizo la mwini juga. Gawani 100 ndi nambalayo, ndipo mudzaona mwai umene iye auyerekeza. Pa 2.00 mupeza 50, ndiko kuti kamodzi pa kawiri. Pa 4.00 mupeza 25, kamodzi pa kanai. Pa 1.25 mupeza 80. Potero nambala yaing'ono ndi ya timu yamphamvu, imene aicha favourite. Nambala yaikuru ndi ya timu yofooka, imene aicha underdog. Pa tikiti 1 aimira kupambana kwa eni bwalo, X kulepherana, 2 kupambana kwa alendo. Akalemba over 2.5 ndiko kuti zigoli zonse zifike zitatu kapena kuposa. Theka lija aliikirapo dala, popeza palibe theka la cigoli, kuti pasakhale mkangano. Phunziro loyamba ndi ili: mtengo ukakula, mwai wacepa. Mnyamata wokondwera ndi nambala yaikuru akondwera ndi kutalika kwa ulendo wace.

CIMENE MWINI JUGA ADYA

Tiyerekeze ndi kobiri loponyedwa m'mwamba. Ligwa camutu kapena cakumbuyo, mwai wofanana. Mtengo wolungama ukadakhala 2.00 mbali zonse ziwiri. Koma mwini juga alemba 1.90 uku ndi 1.90 uko. Mbale wina aika K1,000 pa mutu, wina K1,000 pa kumbuyo. Mwini juga walandira K2,000; wodyayo ampatsa K1,900; yatsala K100, ndiyo yace, kobiri ligwe umo lingagwere. Iye sanabeche konse. Wagulitsa cinthu ca K1,900 pa mtengo wa K2,000, monga wa sitolo.

Mungathe kuona cinsinsi ici pa tikiti iri yonse. Tinene kuti eni bwalo ali pa 2.00, kulepherana pa 3.20, alendo pa 3.60. Gawani 100 ndi nambala iri yonse: mupeza 50, ndi 31, ndi 28. Kuphatikiza zonse ndi 109. Koma mwai wonse wa masewera amodzi sungapose 100, pakuti cimodzi mwa zitatuzo cidzacitika ndithu. Zisanu ndi zinai zapamwambazo ndizo nkhokwe ya mwini juga, ndipo a nchitoyi azicha margin. Ndi izo alipira nyumba, anchito, ndi zithunzi zazikuru za m'mbali mwa miseu.

TIKITI YA MATIMU AMBIRI

Cimene cikopa ana athu koposa ndi tikiti yolumikiza masewera ambiri, imene aicha multibet kapena accumulator. Apa mitengo icurukitsana, kotero kuti ndalama yocepa ilonjeza mtolo waukuru; koma timu imodzi ikalephera, tikiti yonse yafa. Taonani masamu ace. Tenga masewera 10, ali onse a mwai wa kamodzi pa kawiri, ali onse pa 1.90. Mwai wakulosa onse khumi ndi umodzi mwa 1,024. Mtengo wolungama ukadakhala 1,024, koma 1.90 wocurukitsidwa kakhumi afika 613 cabe. Tiyerekeze kuti anthu 1,024 aika K100 yense, ali yense ndi kalosedwe kace kosiyana. Zonse pamodzi ndi K102,400. Mmodzi yekha adya, nalandira monga K61,300. Zotsala, zopitirira K41,000, zikhala kwa mwini juga. Pa masewera amodzi anadya 5 mwa 100. Pa masewera khumi wadya 40 mwa 100.

Ndipo mudzi wonse udzamva za mmodzi uja. Adzagula njinga, adzagulira anzace zakumwa, dzina lace lidzachuka. Koma 1,023 aja ang'amba mapepala ao mwakacetecete, osauza munthu. Umo ndimo cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo uja adandaula kuti timu imodzi yokha yamphera asayese kuti anali pafupi; pa masewera khumi otere, kuphonya kamodzi kokha kucitika kakhumi kuposa kulosa onse. Kuyandikira kumeneko ndiko nyambo ya pa mbedza, yomubweza mawa.

KODI ZODABWITSA SIZICITIKA?

Zicitika ndithu. M'caka ca 2015 eni juga a ku England anaika timu ya Leicester City pa 5,000 kwa 1 kuti ingatenge cikho ca dzikolo, ndipo m'caka ca 2016 inacitenga. M'caka ca 2022, ku Qatar, Saudi Arabia inagonjetsa Argentina ndi zigoli 2 kwa 1, ndipo Argentina yomweyo ndiyo inatenga cikho ca dziko lonse. Koma tizikumbukira zimenezi cifukwa sizicitika kawiri kawiri. Ndipo mwini juga akondwa tikamazisimba, popeza nkhani imodzi yotere imbweretsera anthu zikwi.

Pali kulakwa kwina kumene kugwira ngakhale anthu ophunzira. Munthu akadyedwa kasanu ayesa m'mtima mwace kuti tsopano nthawi yace yafika. Ku Monte Carlo kuli nyumba yochuka ya juga, kumene kampira kazungulira pa gudumu la zipinda 37: zofiira 18, zakuda 18, ndi cimodzi cobiriwira, ndico ca mwini nyumba. M'caka ca 1913 kampirako kanagwa m'cipinda cakuda nthawi 26 motsatana. Anthu anaunjika ndalama pa cofiira, nati, Sikangabwerezenso. Ndipo anataya cuma cambiri. Kampira kalibe cikumbumtima. Kobiri silidziwa kuti dzulo munadyedwa, ndipo liribe ngongole kwa inu.

Masamu amenewa sanayambe lero. M'caka ca 1654 anthu awiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pofuna kudziwa kagawidwe kolungama ka ndalama za juga yolekezedwa pakati. M'makalatamo munabadwa nzeru yakuwerenga mwai. M'caka ca 1713 linasindikizidwa buku la Jacob Bernoulli wa ku Basel, losonyeza kuti cinthu cikabwerezedwa kambiri mbiri, zoturuka zace ziyandikira ciwerengero cace ceni ceni. Apa ndipo pagona mphamvu ya mwini juga. Inu mubecha kangapo, ndipo mwai ukhoza kukusekererani kapena kukukanani. Iye alandira matikiti osawerengeka, ndipo kwa iye mwai wasanduka malipiro okhazikika. Nzeru yomweyi ithandiza madokotala poyesa mankhwala, ndi olosa za mvula. Masamu alibe chimo. Mpeni womwewo usenda mbatata, nubaya munthu.

ZA POKER

Juga ya makadi tiidziwa kale m'midzi, ya pansi pa mtengo wa mango ndi kuseri kwa msika. Koma poker ndi ya ku America. Inakula ku New Orleans ndi m'ngalawa za pa mtsinje wa Mississippi m'zaka zoyamba za m'ma 1800, ndipo kuyambira 1970 ku Las Vegas kucitika mpikisano wace waukuru caka ndi caka. Tsopano ifika kulikonse pa lamya. Isiyana ndi kubecha pa mpira pa ici, kuti osewera alimbana okha okha. Mwini nyumba angotapa pang'ono pa mulu uli wonse, ndipo cotapaco acicha rake.

Makadi ndi 52, a mitundu inai, mtundu uli wonse 13. Dzanja ndi makadi asanu, ndipo manja otheka onse ndi 2,598,960. Dzanja losowa lipambana lopezeka kawiri kawiri. Loposa onse, royal flush, liri ndi njira 4 zokha, ndiko kuti kamodzi pa 649,740. Makadi anai ofanana nambala ali ndi njira 624. Atatu ofanana pamodzi ndi awiri ofanana, full house, njira 3,744. Asanu a mtundu umodzi, flush, njira 5,108. Koma manja opanda kanthu konse ndi 1,302,540, kuposa theka la onse. Mulu wa ndalama wa pakati aucha pot. Wofuna kukhalabe m'masewera alipira zofanana ndi za mnzace, ndiko call. Wofuna kuopsa aonjeza, ndiko raise. Wotaya mtima ataya makadi, ndiko fold. Ndipo woonjeza ndalama ali ndi makadi acabe, kuti mnzace aope nataye makadi abwino, acita cimene acicha bluff.

M'masewera ochedwa Texas hold'em munthu agwira makadi awiri obisika, ndipo asanu aikidwa pa gome a onse. Tinene kuti anai aikidwa kale, ndipo inu muli ndi anai a mtundu umodzi, mudikira lacisanu. A mtunduwo atsala 9. Makadi amene simunawaone ndi 46. Potero 9 akupulumutsani, 37 akugwetsani. Mukafunsidwa K1,000 kuti mulimbirane mulu wa K5,000, pa nthawi 46 zotere mudzataya K37,000 ndi kudya K45,000. Kulipira kuli ndi phindu. Koma mulu ukakhala wa K3,000 mudzadya K27,000 cabe; wanzeru ataya makadi. Kuyerekeza kumeneku akucha pot odds. Tibvomere tsono poyera: m'poker muli luso. Wodziwa kuwerenga ndi kuugwira mtima apambana wosadziwa, masiku akacuruka.

FUNSO LATHU

Tafika pa mlandu weni weni. Pa mpira masamu ayankha okha: pa anthu onse obecha pamodzi, zoturuka zicepa kuposa zolowa, ndipo wodziwadi masamu aona kuti agula cotsika mtengo ndi ndalama yambiri. Koma nanga wa luso uja wa makadi, amene adyadi? Ndipo nanga iye wakuti, Ndidziwa kuti ndidzataya, koma ndi kandalama kanga? Timve zonena zao mofatsa, pakuti sali opusa.

Woyamba ati, Mlimi nayenso acita juga. Akwirira mbeu zace m'nthaka osadziwa ngati mvula idzagwa. Inde, mlimi ayika moyo wace pa cinthu cosadziwika. Koma pali kusiyana kuwiri. Mlimi sanapange yekha ciopsezoco. Anacipeza m'dziko, ndipo alimbana naco kuti cicepe, pobzala msanga, posakaniza mbeu, polima dimba. Wajuga apanga ciopsezo pamene panalibe, naciitana dala. Ndiponso mlimi akapambana, m'dziko mwabadwa cimanga cimene kunalibe; adya iye, ana ace, mlendo, ndi wogula. Wajuga akapambana palibe ngakhale njere imodzi yaonjezeka. Ndalama yangocoka m'thumba la wina, ndipo yacepa panjira.

Waciwiri ati, Ine ndidya ndi nzeru zanga, sindiba. Onse anakhala pa gome mwa kufuna kwao. Ife sitidzanena kuti bluff ndi umboni wonama, pakuti onse anabvomerezana za malamulo, monga pa bawo munthu achera mnzace msampha ndipo palibe aitana mfumu. Koma pa bawo, masewera akatha, nkhomo zibwerera m'maenje, ndipo awiriwo apita kwao akuseka. Pa gome la juga wa luso apindula pokha pokha ngati pali wosadziwa, kapena woledzera, kapena wothedwa nzeru ndi ngongole. Osewera poker eni ace ali ndi dzina la munthu wotere: amucha fish, ndiyo nsomba; ndipo wa luso amucha shark, cinsomba codya zinzace. Mau ao omwe awatsutsa. M'malonda olungama onse awiri acoka okondwa, wina ndi mcere, wina ndi ndalama. M'juga cimwemwe ca mmodzi ciri kulira kwa mnzace, ndipo kukhala pa gomelo ndiko kulakalaka kuti mnansi wanga apite kwao wopanda kanthu. Tikumbuke asilikari aja pansi pa mtanda, ocita maere pa cobvala ca Ambuye, maso ao pansi, osaona amene analikufa pamwamba pao. Juga icititsa munthu kuyang'ana cobvala ndi kuiwala mwini wace.

Wacitatu ati, Ndi ndalama yanga, ndipo ndi yocepa. Ena agula nsomba ya mafuta, ine ndigula cisangalalo ca Loweruka. Uyu anena zomveka koposa onse, ndipo sitifuna kumsenzetsa katundu woposa chimo lace. Wotaya K200 sali wofanana ndi wogulitsa mbuzi ya amai ace. Koma timfunse ziwiri. Kodi m'nyumba ya munthu wa banja muli ndalama imene iri yace yekha? Mkazi anapalira nao munda. Mwana adikira cikwama ndi fizi. Ngati mungathe kuuza mai wa kunyumba madzulo ali onse kuti, Lero ndaika zakuti, ndadyedwa zakuti, pamenepo mwina ndi masewera. Koma ngati mubisa kapepala, mtima wanu waweruza kale. Ndipo caciwiri: kodi yocepayo idzakhalabe yocepa? Wodyedwa afuna kubweza zace, naika zoposa, atadyedwanso akongola. Bungwe la World Health Organization liwerenga kulephera kuleka juga pakati pa matenda, pamodzi ndi ukapolo wa mowa. Palibe anayamba ndi colinga cakugulitsa malata a nyumba yace.

Ena adzati, Koma boma lilola. Zoona; m'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo ya dziko lathu inapanga lamulo latsopano loyang'anira juga, ndipo ana osafika zaka 18 saloledwa. Koma lamulo liika mpanda wa kunja. Za m'kati mwa mpanda aweruza ndi mtima wa munthu. Zambiri ziloledwa zimene sizimanga mudzi.

Yankho lathu tsono ndi ili. Kudziwa masamu a juga nkwabwino, ndipo tifuna kuti mwana ali yense awadziwe. Koma kudziwako sikuyeretsa juga, kungocotsa cowiringula. Wosadziwa ayesa kuti alimbana ndi mwai. Wodziwa aona bwino kuti pa mpira adyetsa mwini juga, ndi kuti pa makadi adya mbale wace wofooka.

TICITENJI?

Tisaiwale cifukwa cace anyamata athu athamangira kumeneko. Ambiri anatha sukulu nasowa nchito, munda wacepa, ganyu salipira. Munthu wotere tikiti imgulitsa ciyembekezo ca maola awiri. Tikangomkalipira osampatsa cina cogwira, tamlanda bulangeti losathandiza ndi kumsiya pa mphepo. Akuru a mpingo ndi a mudzi aganizire za madimba, za magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, za kuphunzitsa umisiri. Ndipo mpira weni weni wa pa bwalo la sukulu usafe, pakuti mpira ulibe mlandu.

Kwa inu amene mubecha, tipempha cinthu cimodzi cokha. Tengani kope, mulembe mwezi wathunthu ndalama iri yonse imene mwaika ndi iri yonse imene mwalandira, osadumpha tsiku. Pakutha pa mwezi phatikizani, ndipo muonetse munthu amene mumkhulupirira. Mtima ukumbuka masiku akudya nuiwala a kudyedwa, koma kope siliiwala. Ndipo wina akaulula kuti wakodwa, tisamseke kapena kumuimika pamaso pa anthu. Manyazi ndiwo abisa nthendayi kufikira nkhokwe itatha. Timuyendere, timthandize kuwerenga ngongole zace, ndipo ndalama za m'nyumba asunge wina kufikira atalimba.

Aphunzitsi a sukulu zathu, masamu a kobiri lija ndi a matikiti 1,024 ndi osabvuta. Mwana wa Standard 7 angawathe. Aphunzitseni asanakumane nao pa lamya. Ndipo inu atate amene mwana wanu anati simudziwa masamu ace, tsopano muwadziwa. Muitaneni madzulo ano, mukhale naye pa mphasa, atulutse kapepala kace, ndipo mugawe 100 ndi nambala iri yonse, awiri inu. Wakutsina khutu ndi mnansi.